Maitanidwe Amayesedwa pa Ntchito

Mawu akuti maitanidwe akatchulidwa m'tchalitchi, akhristu ambiri amaganiza za anyamata opita ku seminale ndi atsikana olowa usisitere. Pa Lamulungu lachinayi la nyengo ya Pasaka, lomwe limatchedwa Lamulungu la Mbusa Wabwino, Mpingo pa dziko lonse umapempherera maitanidwe monga momwe Papa Paul VI anakhazikitsira m'chaka cha 1964, ndipo mapemphero a tsikuli amalunjika kwambiri pa unsembe ndi moyo wa m'zipani za asisitere ndi abulazala. Zimenezi n'zoyenera, pakuti Mpingo ukusowa antchito otere. Koma pa mabenchi omwewo pamakhalanso mtsikana amene akuphunzira zowerengera ndalama ku yunivesite, mnyamata amene akuphunzira uinjiniya, wina unamwino, wina zamalamulo. Ambiri mwa iwo amamva mapempherowo ngati nkhani ya anthu ena. Amaona ngati Mulungu amaitana anthu owerengeka okha, ndipo otsala onse amangopita komwe mapointi a mayeso a Fomu 4 awaponya.

Mpingo suphunzitsa choncho. Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'chikalata cha Lumen Gentium cha m'chaka cha 1964, unanena momveka kuti aliyense wobatizidwa waitanidwa kukhala woyera, kaya ndi wansembe, wapabanja, mlimi kapena wogwira ntchito mu ofesi. Papa John Paul II, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti munthu akamagwira ntchito amatengako mbali pa ntchito ya Mlengi. Papa Francis naye, utatha msonkhano wa maepiskopi wa 2018 umene unakambirana za achinyamata, chikhulupiriro ndi kuzindikira maitanidwe, analemba kalata ya Christus Vivit m'chaka cha 2019, ndipo m'menemo anaika banja ndi ntchito pakati penipeni pa maitanidwe a wachinyamata.

Ngati zili choncho, pakubuka funso lovuta. Kodi munthu wa zaka 20, amene ali m'chaka chachiwiri ku koleji, angadziwe bwanji chimene Mulungu akufuna kuti achite ndi moyo wake? Mulungu salemba kalata, ndipo ndi anthu ochepa amene anamvapo mawu ochokera kumwamba. Funsoli si lamasewera. Makolo amakhala atagulitsa ziweto kapena kutenga ngongole kuti mwana aphunzire, ndipo mwanayo akalakwitsa njira amatha zaka 30 akugwira ntchito imene mtima wake sulimo, uku akuzunza odwala, ana asukulu kapena anthu obwera ku ofesi amene sanamulakwire chilichonse.

Pali mayankho awiri amene amamveka kawirikawiri. Ena amauza wachinyamata kuti apemphere ndi kudikira, Mulungu adzamuuza. Ena amamuuza kuti asankhe chimene chili ndi ndalama, za maitanidwe adzaganiza atakhuta. Yankho loyamba lili ndi choonadi, pakuti popanda pemphero munthu sangazindikire chifuniro cha Mulungu. Vuto lake n'lakuti amene wadzitsekera m'chipinda sachedwa kusokoneza mawu a Mulungu ndi zilakolako zake kapena mantha ake. Mtsikana angakhulupirire ndi mtima wonse kuti waitanidwa kukhala dokotala pomwe sanaonepo bala lonunkha. Yankho lachiwiri nalonso silopusa, chifukwa munthu ayenera kudya ndi kuthandiza abale ake. Koma limasiya Mulungu panja pa chisankho chimene chidzadya masiku ambiri a moyo wa munthuyo. Pali njira yachitatu, imene masukulu ena a mipingo akhala akuyesa: kumutumiza wophunzira pa tchuthi kuti akagwire ntchito yeniyeni pakati pa anthu osowa, ndi kumuthandiza kulingalira m'pemphero zimene akuona kumeneko.

Zimene masukulu ena a ku America amachita

Ku United States mayunivesite amatsekera kwa miyezi pafupifupi itatu m'nyengo yotentha, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Ophunzira ambiri amapita kukaphunzira ntchito m'makampani pa tchuthi chimenechi, zomwe amazitcha internship, kuti podzafuna ntchito adzakhale ndi chosonyeza. Masukulu ena a mipingo anatenga mwambo womwewu n'kuupatsa cholinga china. M'malo motumiza wophunzira ku banki, amamutumiza ku nyumba yosungirako anthu osowa pogona, ku chipatala cha anthu osauka, ku parishi ya m'dera lovutika kapena ku bungwe lothandiza othawa kwawo. Amamupempha kuti nthawi yonseyo azidzifunsa chimene Mulungu akumuuza kudzera mwa anthu amene akukumana nawo.

Yunivesite ya Notre Dame, yomwe ndi ya Katolika ndipo inakhazikitsidwa ndi chipani cha Holy Cross m'chigawo cha Indiana m'chaka cha 1842, inayamba ndondomeko yotere cha m'ma 1980. Kwa zaka zambiri ophunzira ake ankapita kukatumikira kwa masabata 8 m'mizinda yosiyanasiyana ya dzikolo. Magulu a anthu amene anaphunzirapo pa yunivesiteyo ndiwo ankawalandira m'mizinda yawo ndi kuthandiza pa ndalama zoyendetsera ntchitoyo. Wophunzira ankapatsidwa zowerenga za chiphunzitso cha Mpingo pa nkhani za umphawi ndi chilungamo, ankalemba zimene akuona ndi zimene zikumuchitikira mumtima, ndipo akabwerera ku sukulu ankakambirana ndi anzake ndi aphunzitsi. Zonsezi zinkawerengedwa ngati phunziro la zaumulungu lokhala ndi malikisi ake. Wophunzirayo ankalandiranso thandizo la fizi, podziwa kuti wasiya mwayi wopeza ndalama pa tchuthi.

M'chaka cha 1999 bungwe la Lilly Endowment la mumzinda wa Indianapolis linayambitsa ndondomeko yothandiza makoleji a mipingo kuti azikambirana ndi ophunzira awo za maitanidwe. Masukulu 88, a Katolika ndi a mipingo ina, analandira ndalama zopitirira madola 200 miliyoni zonse pamodzi. Sukulu iliyonse inakonza njira zake, ndipo kutumiza ophunzira kukagwira ntchito m'mipingo ndi m'mabungwe othandiza anthu inali imodzi mwa njira zofala. Tim Clydesdale, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anafufuza zotsatira zake n'kuzilemba m'buku la The Purposeful Graduate la m'chaka cha 2015. Anapeza kuti ophunzira amene analowa m'ndondomekozi ankatuluka ali ndi cholinga chomveka pa moyo wawo, ndiponso ankapirira bwino akakumana ndi zokhumudwitsa m'zaka zoyamba atamaliza sukulu.

Mizu yake ndi yakale mu Mpingo

Ngakhale ndalama ndi dzina lake n'za ku America, nzeru yake ndi yakale. M'chaka cha 1521 Ignatius wa ku Loyola, amene panthawiyo anali msilikali, anathyoledwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona m'dziko la Spain. Ali chigonere kwawo, ankalota zinthu ziwiri: kutchuka pa nkhondo ndi pamaso pa akazi olemekezeka, komanso kutsanzira oyera amene ankawerenga mbiri zawo. Anazindikira kuti maloto onse awiri ankamusangalatsa pa nthawi imene akuwaganiza, koma oyambawo ankamusiya ali wouma mumtima, pomwe achiwiriwo ankamusiyira mtendere wokhalitsa. Apa ndi pamene anaphunzira kuti munthu ayenera kuyang'anitsitsa zimene chinthu chimasiya mumtima mwake chikapita.

Chipani chake cha Ajezuiti chitavomerezedwa ndi Papa Paul III m'chaka cha 1540, Ignatius sanafune kulandira aliyense chifukwa chongonena kuti akumva kuitanidwa. M'malamulo a chipanicho anaika mayesero 6 a anovisi. Ena mwa iwo ndi awa: mwezi wathunthu wa pemphero la chete, mwezi wotumikira odwala m'chipatala, mwezi woyenda ulendo wopanda ndalama akupempha chakudya m'njira, kugwira ntchito zonyozeka za pakhomo, ndi kuphunzitsa ana katekisimu. Zipatala za nthawi imeneyo zinali malo a fungo ndi matenda opatsirana. Ignatius ankadziwa kuti tsiku loyamba aliyense amakhala ndi changu. Chimene chimaulula munthu ndi tsiku la 20, pamene kudabwa kwatha, msana ukuwawa, ndipo wodwala amene akusambitsidwa sakuthokoza. Amene pa tsiku limenelo apeza kuti mkati mwa kutopako muli mtendere, waphunzira chinthu chimene palibe buku likanamuphunzitsa.

Nkhani ya Samueli m'Malembo Oyera ikusonyeza mbali ina ya nzeru yomweyi. Mnyamatayo anaitanidwa ali kale pa ntchito, akutumikira m'nyumba ya Mulungu ku Silo. Anamva dzina lake usiku katatu konse, ndipo katatu konseko anathamangira kwa Eli poganiza kuti nkhalambayo ndiyo ikumuitana. Samueli anali ndi makutu, koma analibe chidziwitso chomasulira zimene akumva. Eli, amene maso ake anali atayamba kuchita khungu, ndiye anazindikira mwini mawuwo n'kumuuza mnyamatayo mmene ayankhire. Choncho ntchito payokha siikwanira. Wachinyamata angathe miyezi iwiri m'chipatala n'kubwerako ali ndi nkhani zoseketsa zokha. Pamafunika munthu wamkulu amene akhale naye pansi kamodzi pa sabata n'kumufunsa chimene chamusangalatsa, chimene chamunyansa, munthu amene akulephera kumuiwala, ndi chimene wamuuza Mulungu za zonsezi. Safunsa anadya phula, koma wachinyamata amafunsa pokhapokha pali womumvetsera.

Kodi osauka ndi kalasi yophunziriramo?

Njirayi ili ndi mavuto ake, ndipo mkhristu woona mtima sayenera kuwabisa. Loyamba n'lokhudza anthu amene akutumikiridwawo. Mlendo ndi mame. Wophunzira amafika pa malo osungira ana amasiye, mwana wina amamuzolowera, amayamba kumudikira pa geti m'mawa uliwonse, ndipo pakatha masabata 8 wophunzirayo amanyamula chikwama chake. Iye wapeza maitanidwe ake, wapeza zithunzi zoika pa Facebook ndi mzere wina wowonjezera pa kalata yofunsira ntchito. Nanga mwanayo wapeza chiyani? Anthu a ku Malawi amaidziwa nkhaniyi ali mbali yolandira alendo. Chaka ndi chaka achinyamata ochokera ku Ulaya ndi ku America amabwera kudzapenta makoma a sukulu, ntchito imene mmisiri wa pamudzi pomwepo akanaigwira bwino ndi kupezapo chakudya cha ana ake.

Mpingo umaphunzitsa kuti munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, choncho sayenera kusandutsidwa chida cha wina, ngakhale cholinga cha winayo chikhale chopatulika chotani. Kugwiritsa ntchito umphawi wa munthu ngati kalirole wodziyang'aniramo n'kumuchotsera ulemu. Chifukwa cha ichi, kuphunzira ntchito kotereku kumakhala kolungama pokhapokha eni malo ndiwo akunena chimene chikufunika, ndipo wophunzirayo akugonjera namwino, mphunzitsi kapena mlezi amene analipo iye asanabwere ndipo adzakhalapo iye atapita. Wophunzira asagwire ntchito imene sanaiphunzire, monga kubaya jakisoni, pongoti wodwalayo ndi wosauka ndipo sangadandaule. Asajambule munthu m'mavuto ake popanda chilolezo. Ndipo ubale ukhale wa parishi kapena sukulu ndi malowo, chaka ndi chaka, kuti pochoka mmodzi anthu asasiyidwe pa mtetete.

Palinso nkhani ya chimene chikutsogola mumtima. Amene amapita kwa osauka n'cholinga chokadzipeza yekha, kawirikawiri amabwerako atangopeza zimene anapita nazo. Amene amapita kukathandiza, n'kuiwala za iye mwini chifukwa ntchito yachuluka, ndiye amadzadabwa atadziwa chimene iye ali. Ambuye Yesu anaphunzitsa zomwezi pamene ananena za munthu amene amataya moyo wake poukakamira, ndi wina amene amaupeza poupereka. Papa Francis mu Christus Vivit analangiza achinyamata kuti asathe moyo wonse akufunsa kuti iwo ndi ndani, koma afunse kuti moyo wawo uli wa yani.

Mbiri ya Frédéric Ozanam ikusonyeza mmene zimakhalira zikayenda bwino. Iye anali wophunzira zamalamulo pa yunivesite ya ku Paris ndipo ankakonda kuteteza chikhulupiriro pa mikangano ya ophunzira. Tsiku lina otsutsana naye anamufunsa kuti asonyeze chimene Mpingo wake ukuchitira osauka a mumzindawo. Funsolo linamulasa. Mu Epulo 1833, ali ndi zaka 20, iye ndi anzake ochepa anayambitsa gulu limene linadzakhala bungwe la Vincent de Paul. Anyamatawo sankadziwa poyambira. Sisitere Rosalie Rendu, amene anali atakhala zaka zambiri pakati pa osauka a dera la Mouffetard, ndiye anawapatsa mabanja oti aziwayendera ndi kuwaphunzitsa kulowa m'nyumba ya wosauka mwaulemu. Ozanam analingalirapo za unsembe, koma pamapeto pake anakwatira m'chaka cha 1841 ndipo anakhala mphunzitsi pa yunivesite ya Sorbonne. Anamwalira m'chaka cha 1853 ali ndi zaka 40, ndipo Papa John Paul II anamutchula Wodala m'chaka cha 1997. Maitanidwe ake anali banja ndi uphunzitsi, ndipo anawazindikira akukwera masitepe a nyumba za osauka. Osaukawo sanasiyidwe iye atapeza njira yake, pakuti bungwe lija likugwirabe ntchito mpaka lero, kuphatikizapo m'maparishi a ku Malawi.

Kodi maitanidwe ndi nkhani ya okhuta?

Vuto lachiwiri n'lokhudza wophunzira mwini. Mwana wa munthu wolemera angathe kupereka tchuthi chake kwaulere chifukwa fizi yake ilipo kale. Mwana wa mayi wogulitsa mandasi amafunika kugwira ganyu pa tchuthi kuti apeze ndalama ya lendi ndi chakudya cha teremu yotsatira. Ndipo m'dziko limene achinyamata ambiri amamaliza digiri n'kukhala zaka akuyenda ndi envelopu m'maofesi osapeza ntchito, kufunsa munthu ntchito imene mtima wake ukufuna kungamveke ngati chipongwe. Amene alibe chosankha angazindikire bwanji maitanidwe?

Mbali ina ya yankho ndi chilungamo chabe. Malembo amati wantchito ayenera malipiro ake. Parishi kapena bungwe la Mpingo limene likugwiritsa ntchito wophunzira wosauka kwa miyezi iwiri osamupatsa ngakhale ya minibasi ndi nkhomaliro, n'kumati akutumikira Mulungu, likumudyera masuku pamutu. Masukulu a ku America aja anaika ndalama pa ndondomeko zawo chifukwa anadziwa kuti popanda kutero mwayiwo ukhala wa ana a olemera okha.

Mbali ina ya yankho ndi yozama. Maitanidwe ndi aakulu kuposa dzina la ntchito lolembedwa pa chitseko cha ofesi. Paulo Woyera ankasoka mahema kuti adye, koma palibe amene amamukumbukira chifukwa cha mahema. Chimene wophunzira amapeza pa masabata a utumiki kawirikawiri ndi mphatso imene sankaidziwa: kuleza mtima ndi mwana wochedwa kumva, kutha kukhala chete pafupi ndi munthu amene akumwalira, mkwiyo woyera akaona mayi wamasiye akulandidwa malo, kapena luso lolongosola mabuku a ndalama amene asokonekera. Mphatso yotere amapita nayo kulikonse, kaya wapeza ntchito ya digiri yake kaya akugulitsa mu shopu ya amalume ake. Munthu amene sangasankhe komwe agwire ntchito angathebe kusankha mmene aigwirire ndi amene akumugwirira.

Pier Giorgio Frassati wa mumzinda wa Turin ku Italy ankaphunzira uinjiniya wa m'migodi chifukwa ankafuna kudzatumikira Khristu pakati pa anthu okumba migodi. Ali pa sukulu analowa bungwe la Vincent de Paul, ndipo nthawi yake yopuma ankathera m'nyumba za odwala ndi osauka. Anamwalira ndi poliyo pa 4 Julayi 1925 ali ndi zaka 24, asanalandire digiri yake. Sanagwirepo ntchito ya uinjiniya ngakhale tsiku limodzi. Pa maliro ake misewu inadzaza ndi osauka amene banja lake, lomwe linali lolemera ndi lotchuka, silinkawadziwa. Papa Leo XIV anamutchula Woyera pa 7 Sepitembala 2025. Palibe anganene kuti mnyamatayu analephera maitanidwe ake chifukwa sanalembedwe ntchito.

Mwana akabwerera ndi yankho losayembekezeka

Vuto lachitatu limafika pakhomo. Nthawi zina wophunzira amabwerako atazindikira kuti njira imene ali si yake. Amene ankafuna unamwino wapeza kuti odwala amamutopetsa ndi kumukwiyitsa tsiku lililonse. Ichi n'chopweteka, koma ndi chisomo ndithu, pakuti n'kwabwino kuchidziwa ali m'chaka chachiwiri kusiyana n'kudzachidziwa atavala kale yunifolomu. Nthawi zina amabwerako akunena kuti akufuna kukaphunzitsa ku sukulu ya kumudzi m'malo mogwira ku banki, kapena kuti akuganiza zolowa seminale. Makolo amene anavutika kumulipirira amamva ngati waponya thukuta lawo m'madzi.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amalankhula kwa onse awiri. Kwa makolo amati asakakamize ana awo posankha ntchito kapena munthu womanga naye banja, ngakhale ali ndi udindo wowalangiza. Kwa ana akuluakulu amati afunse ndi kumvetsera malangizo a makolo, ndiponso awathandize pa ukalamba, pa matenda ndi pa kusowa. Choncho mwana sangabisale kumbuyo kwa mawu akuti maitanidwe kuti athawe mayi ake amene akudwala kapena azing'ono ake amene akusowa fizi. Udindo wa pa abale nawo ndi mawu a Mulungu, ndipo uyenera kuikidwa pa sikelo pamodzi ndi zina zonse. Makolo nawonso akumbukire kuti mwana anabwerekedwa kwa iwo ndi Mwini wake. Maria ndi Yosefe anamufunafuna Yesu masiku atatu ali ndi nkhawa, anamupeza m'Nyumba ya Mulungu, ndipo sanamvetse zimene anawayankha. Komabe anabwerera naye ku Nazarete, iye anawamvera, ndipo Maria anasunga zonsezo mumtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata 8 amangotsegula funso, ndipo yankho lake limakhwima pa zaka.

Zimene parishi ya m'tauni ili nazo kale

Parishi ya ku Malawi ilibe madola a Lilly Endowment, koma ili ndi zambiri zimene ndondomeko zija zinkafuna. Mpingo uli ndi zipatala monga Likuni, Mlambe, St Joseph ku Nguludi ndi St Gabriel ku Namitete. Uli ndi sukulu za pulayimale ndi sekondale, bungwe la chitukuko la CADECOM, bungwe la chilungamo ndi mtendere la CCJP, magulu oyendera akaidi ku Maula, Chichiri ndi Zomba, a Vincent de Paul, ndi amayi amene amasamalira odwala m'makomo. Ophunzira a m'makoleji amabwera kwawo pa tchuthi, ndipo ambiri amatha masabata ali pa foni chifukwa palibe amene wawapempha kanthu. Pa Misa yomweyo pamakhala madokotala, maloya, aphunzitsi opuma ntchito, akatswiri a zaulimi ndi owerengera ndalama.

Chimene chikusowa n'kulumikiza zinthuzi. Khonsolo ya parishi ingathe kulemba mayina a ophunzira amene ali pa tchuthi, kufunsa malo otumikira chimene akusowa, ndi kumupezera wophunzira aliyense mkhristu wamkulu mmodzi wa ntchito yofanana ndi imene akuphunzira. Wophunzira zamalamulo angathandize a CCJP kumvetsera madandaulo a amayi amasiye. Wophunzira zowerengera ndalama angalongosole mabuku a gulu la amayi la banki m'khonde. Wophunzira uphunzitsi angathandize ana a Sitandade 8 amene akutsalira. Miphakati ingasonkhe ndalama ya mayendedwe ndi chakudya kuti mwana wa wosauka asatsale. Njira yolingalira ilipo kale m'magulu a YCS ndi YCW, yochokera kwa wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn: kuona chimene chilipo, kuchiweruza pa kuwala kwa Mthenga Wabwino, ndi kuchitapo kanthu. Ophunzirawo angakumane madzulo amodzi pa sabata, kupemphera ndi kufotokozerana.

Amene avomera udindo wa Eli ayenera kusamala chinthu chimodzi. Ntchito yake ndi kumvetsera ndi kufunsa. Si yokopera mnyamata aliyense wofatsa ku seminale, kapena kumukankhira mtsikana ku ntchito imene iye mwini analephera kuipeza. Eli sanamuuze Samueli uthenga wa Mulungu. Anangomubweza kukagona pamalo pake kuti akamve yekha, ndipo m'mawa anali wokonzeka kulandira zimene mnyamatayo anamva, ngakhale zinali zowawa kwa iye ndi banja lake.

M'fanizo la ndalama zimene bwana anasiyira antchito ake atatu, amene anadzudzulidwa sanabe ndipo sanawononge kanthu. Anachita mantha, nakumba dzenje, nakwirira chimene anapatsidwa. Awiri enawo sanauzidwe malonda oti achite. Anapita ku msika, anayesa, ndipo poyesapo anadziwa mphamvu ya chimene chinali m'manja mwawo. Achinyamata ambiri a m'makoleji sakwirira mphatso zawo chifukwa cha ulesi. Sadziwa kuti ali nazo, pakuti palibe anawaikapo pamalo pomwe mphatsozo zikanafunika. Tchuthi chikubwerachi parishi ingathe kuwapatsa malo otero, ndi munthu wamkulu woti aziwafunsa Loweruka lililonse kuti sabata yayenda bwanji.